Subaru ya K10 Miliyoni Imene Iopa Fumbi

Mu August 2023, ku England, munthu wina anapereka mapaundi 480,500 kugula motoka yakale ya zitseko ziwiri, Subaru Impreza 22B imene inali ya malemu Colin McRae. Pa mtengo wa kwacha wa nthawi imeneyo, ndalamazo zinali zoposa K10 miliyoni. Chaka chomwecho FRA inali kugula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K280. Tengani foni muwerengere nokha: matumba oposa 35,000 kusinthana ndi motoka imodzi. Mlimi wa kwa Mwase amene amakolola matumba 100 pa chaka, amene ife timamutcha mlimi weniweni, angafunike kulima zaka 350 osakazingako ngakhale chimanga chimodzi.

Nkhani yotere ikafika pa Facebook kapena pa TikTok, ife achinyamata a m'makomboni timaigawana ngati uthenga wa ukwati. Wina alemba kuti "tsiku lina", wina aika tizithunzi ta moto, wina achiika chithunzicho pa foni yake kuti azidzuka nacho. Ine ndabwera kudzasokoneza chisangalalo chimenechi. Motokayo sindidana nayo. Subaru ikadutsa pano pa Boma, ndi kulira kwake kuja kokhala ngati ng'oma yaikulu, inenso ndimatembenuka ngati wina aliyense. Chimene ndikutsutsa ndi chipembedzo cha osunga mamotoka, anthu amene amagula makina opangidwira liwiro n'kuwafunditsa nsalu m'galaja. Ndikutsutsanso ife eni ake, chifukwa tayamba kuwaombera m'manja ndi kutengera kaganizidwe kawo pa ndalama zathu zochepazi.

Tiyambe ndi motoka yeniyeniyo, popeza ambiri amene amasunga chithunzi chake sadziwa kumene inachokera. Kampani ya Subaru ya ku Japan inapambana mpikisano wa rally wa dziko lonse zaka zitatu zotsatizana, 1995, 1996 ndi 1997. Mu 1995 McRae, mnyamata wa ku Scotland wa zaka 27, ndiye anaposa madalaivala onse. Mu 1998, pokondwerera zipambano zimenezi ndi zaka 40 za dzina la Subaru, kampaniyo inatulutsa 22B. Anapanga 400 zogulitsa ku Japan, 16 za ku UK, zisanu za ku Australia, ndi zitatu zoyesera zolembedwa nambala 000. Zonse pamodzi 424, basi, nkhani yatha. Ya McRae inali imodzi mwa zitatu zija. Injini yake ndi ya malita 2.2 ndipo ili ndi turbo, mawilo onse anayi amakoka, thupi analikulitsa m'mbali ndi mamilimita 80 kuti lifanane ndi motoka ya mpikisano. Penti ndi yabuluu, marimu ndi agolide, kumbuyo kuli chiphiko chachikulu. Ili yatsopano inali kugulitsidwa mayeni 5 miliyoni. Pafupi ndi giya anamatapo kachitsulo kolembedwa nambala ya motokayo.

Kachitsulo kameneko ndiko kakudula. Pa pepala mphamvu ya 22B ndi 280 horsepower, chimodzimodzi ndi WRX STI wamba ya zaka zomwezo, chifukwa pa nthawiyo makampani a ku Japan anali atagwirizana kuti asamalengeze nambala yoposa pamenepo. Sindikana kuti 22B ili ndi zake zapadera: ndi yotakata, mashokapu ake ndi a Bilstein, kilachi yake ndi yolimba, imagwira bwino pa kona. Koma kusiyana kumeneko sikungafike pa matumba 35,000 a chimanga. Wogula uja sanali kulipira zitsulo. Anali kulipira nambala 000 ndi dzina la munthu wakufa. Ngakhale zina zopanda dzina la McRae zadula koopsa: mu 2021 ku America imodzi inagulidwa madola 312,555 pa malonda a pa intaneti. Chimene chikugulitsidwa pamenepo ndi kusowa kwake, kudziwa kuti mnzako sangakhale nayo.

Tsono funsani kuti mbiri ya motokayi inabadwira kuti. Inabadwira m'fumbi. Rally sachitira pa bwalo losalala ngati tebulo. Amachitira m'misewu ya dothi, m'matope, m'miyala, m'nkhalango, m'malo amene motoka imauluka n'kugwera pansi ndi mawilo onse anayi. Mu 1997 McRae ndi mnzake womuwerengera njira, Nicky Grist, anapambana Safari Rally ya ku Kenya ali mu Impreza. Mu 2000 Richard Burns anapambananso Safari yomweyo ali mu Subaru. Misewu imene anadutsamo aliyense amene anayendapo ulendo wa ku Chama m'nyengo ya dzinja angaizindikire: mitsinje yodzaza, makwawa, ng'ombe zoima pakati pa njira. Dziko linaikonda Impreza chifukwa linaiona itadetsedwa mpaka nambala yosaoneka, bampala ikulendewera, koma ikupitabe.

Ndipo sitifunika kupita ku Kenya kukafuna umboni. Zambia ili ndi mbiri yake ya rally imene ana ambiri a m'makomboni sanauzidwe. Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yonse kasanu ndi katatu. Muna Singh, pamodzi ndi David Sihoka pa mpando wowerengera njira, anatenga chikho cha Africa mu 2004 ndi mu 2005 ali mu Subaru Impreza. Mwana wake Jassy Singh anachitenganso mu 2013, nayenso mu Impreza. Mamotoka amenewo anali kubwerera kunyumba atapindika, akudontha oyilo, magalasi atang'aluka ndi miyala. Amakanika anali kugona mochedwa kuwawongola kuti mawa athamangenso. Ulemu wonse umene dzina la Impreza lili nawo pa kontinenti ino unabwera ndi mabala amenewo.

Osunga mamotoka atenga mbiri imeneyi n'kuitembenuza chadodolido. Pa msika wawo motoka imadula kwambiri ikakhala kuti sinayende. Makilomita akachepa, mtengo ukwera. Penti ikakhala yoyambirira, yopanda kachipsera ngakhale kamodzi, mtengo ukweranso. Choncho munthu akagula 22B ya ndalama zochuluka chonchi, kilomita iliyonse imene angayende ikumudyera chuma. Mvula ikagwa saitulutsa. Msewu wa dothi sauyandikira n'komwe. Motoka imene inatchuka chifukwa chosaopa fumbi lero ikutetezedwa ku fumbi ngati khanda la masiku atatu. Kwathu kuno munthu atakuonetsani khasu n'kudzitama kuti silinakhudzepo nthaka, mungamuseke. Atakuonetsani ng'ombe yonenepa n'kunena kuti ubwino wake ndi wakuti sinakokepo ngolo, mungamufunse ngati zonse zili bwino kunyumba. Koma akatero munthu wa ku London ndi motoka, timati ndi nzeru za anthu achuma.

Ganizirani ng'oma. Kaya ndi ya vimbuza kwa a Mphamba kapena ya gule kwa a Mwase, ng'oma imakhala ndi moyo chifukwa imaimbidwa. Amaiwamba pa moto, chikopa chimakungika, manja amaimenya mpaka pakati pamachita mbuu. Mukaikoloweka kudenga zaka khumi kuti isaonongeke, chikopa chifooka, chiswe chilowa m'mtengo, tsiku loitsitsa mupeza chigoba. Makinanso ali chimodzimodzi, ndipo makanika aliyense wa pansi pa mtengo wa mango adzakuuzani zomwezi. Motoka ikaima nthawi yaitali, malabala otsekera oyilo amauma n'kuyamba kudontha. Matayala amaphwathalala mbali imene yakhala pansi. Petulo amavunda m'thanki. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, dzimbiri n'kuyamba m'kati. Lamba wa injini amakalamba ngakhale sakuzungulira. Osunga amalemba anthu ntchito yolimbana ndi matenda amenewa, matenda obwera chifukwa cha kusunga komweko.

Turbo yokhayo, imene dzina lake timalitchula mwaulemu ngati la mfumu, ndi chinthu chosavuta kumva. Utsi wotuluka m'injini, m'malo mongotayika, umazungulitsa kampeni kakang'ono. Kampeniko kalumikizidwa ndi kanzake kamene kamapopera mpweya wambiri m'injini. Mpweya ukachuluka, mafuta opsa amachuluka, mphamvu n'kukwera, injini yaing'ono n'kumakoka ngati yaikulu. Timipeni timeneti timazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, ndipo chimene chimatiteteza kuti tisapse ndi oyilo woyera amene akuyenda. Mawu aja akuti "psss" amene anyamata amawakonda posintha giya ndi mpweya wotsala umene ukutulutsidwa dalaivala akachotsa phazi pa moto. Zonsezi zimachitika injini ikamalira ndi kutentha. M'galaja yozizira, pansi pa nsalu, turbo ndi chitsulo chabe chonga nkhono.

Pali china chimene olambira motokayi satchula kawirikawiri. Buluu ndi chikasu zimene zinatchukitsa Subaru ya mpikisano zinali mitundu ya ndudu. Kuyambira mu 1993 timu ya Subaru inali kulipiridwa ndi State Express 555, fodya wa kampani ya British American Tobacco, ndipo nambala 555 inali kulembedwa m'mbali mwa motoka. Amene munaphunzirako kompyuta yesani kusintha 22B kuchoka mu hexadecimal, muona kuti yankho ndi 555. Ife ana a kum'mawa, amene makolo athu amathera miyezi m'zigafa kusoka ndi kusankha fodya kenako n'kukadandaula mitengo pa msika, tiyenera kukhala oyamba kuzindikira zimenezi. Chinthu chimene tikuchigwadira chinayamba ngati chikwangwani cha malonda choyenda pa mawilo. Palibe choyera pamenepo. Choyenera ulemu chinali luso la anthu amene anali m'kati mwa chikwangwanicho ndi amene anali kuchikonza.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena kale. Choyamba: ndalama ndi zake, akuvutitsa ndani? Zoona, ndalama ndi zake, ndipo palibe lamulo limene waphwanya. Koma manja ndi anga, sindikakamizidwa kumuombera. Komanso si zoona kuti msika umenewu sutikhudza. Ku America kuli lamulo lakuti motoka imene sinapangidwire msika wawo ingalowe mosavuta ikakwanitsa zaka 25. Choncho mamotoka a liwiro a ku Japan a zaka za m'ma 1990, ma Impreza, ma Lancer Evolution, ma Skyline, akhala akutsegulidwira chitseko chaka ndi chaka, ndipo anthu a madola athamangira ku malonda a ku Japan komwe kumachokeranso mamotoka athu odzera ku Dar es Salaam ndi pa Nakonde. Mnyamata wa ku Lusaka kapena ku Ndola amene akufuna Impreza yakale yoti aphunzirire rally tsopano akupikisana ndi munthu amene akuifuna kuti aiimike.

Onaninso mmene mawu amasinthira malinga ndi kumene chinthu chikupita. Motoka ya zaka 25 ikatsika pa Nakonde, imatchedwa chikorokoro, salaula wa mamotoka, zinyalala zimene Japan ikutayira ku Africa. Motoka ya zaka zomwezo, ya fakitale yomweyo, ikatsika pa doko la ku California, imatchedwa chuma cha mbiri. Chitsulo n'chimodzi. Chasintha ndi thumba la woigula. Ife takhala tikuyendetsa mamotoka akale a ku Japan kwa zaka zambiri, kuwapatsa moyo wachiwiri ndi wachitatu pa misewu imene opanga ake sanailotepo, ndipo palibe amene anatitcha akatswiri osunga mbiri. Anatitcha osauka.

Chachiwiri mukuti: popanda osunga, mamotoka amenewa akanatha, adzukulu athu sakanawaona. Mfundo iyi ndi yolemera, ndipo ndikuilandira ndi manja awiri. Kusunga zinthu zakale n'kofunika. Koma kusunga kulipo kuwiri. Ku Chilenje House 394 ku Lusaka, nyumba imene a Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962, kuli Land Rover imene inagwira ntchito pa nthawi yomenyera ufulu. Si yonyezimira. Ili ndi zipsera za nthawi yake, ndipo zipserazo ndizo zimene ana a sukulu amapita kukaona. Ku Livingstone kuli malo osungira masitima akale oyendera nthunzi, ndipo aliyense angalowe kukawaona. Kumeneko ndiko kusungira anthu. Kwina kuja ndi kubisira anthu: galaja yokiya, makamera pa geti, mwini wake yekha ndi anzake awiri akumwa vinyo moyang'ana chinthu chimene akudikira kuti chikwere mtengo. Adzukulu athu sadzaiona motoka imeneyo. Adzaona chithunzi chake tsiku logulitsanso.

Pano pa Lundazi tili ndi phunziro lathu. Nyumba ija ya Castle, pafupi ndi damu, anaimangitsa ndi DC wachizungu Errol Button kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, motengera malinga a mafumu akale a ku Ulaya. Ndi chinthu chachilendo, chosowa, chosafanana ndi nyumba ina iliyonse m'chigawo chino. Ikanakhala m'manja mwa munthu wa mtima wa osunga mamotoka, bwenzi ataizinga ndi mpanda wautali n'kuikiya kuti masitepe asaperepeseke. Koma inakhala nyumba ya alendo, anthu akhala akugonamo, kudyeramo, kujambulitsa zithunzi pa khomo pake, ndipo n'chifukwa chake mwana aliyense wa pa Boma amaidziwa ndi kuitcha yathu. Chinthu chosowa chimakhala chuma cha anthu pamene anthu akuchigwiritsa ntchito. Ndipo kuti ndisanamizire onse: alipo eni mamotoka akale amene amawatulutsa, kuwathamangitsa pa zikondwerero ngati Goodwood ku England pamaso pa khamu la anthu, osaopa kuti mwala ungakande penti. Amenewo ndilibe nawo mlandu.

Chachitatu, chimene chimabwera nthawi zonse munthu wa m'komboni akatsutsa za anthu olemera: ndi nsanje chabe, musiyeni mwana alote. Kulota sindiletsa. Funso langa ndi lakuti tikulota chiyani, ndipo malotowo akutidyera zingati tili maso. Chipembedzo cha kachitsulo ka nambala chafika kale kwathu, chavala zovala za osauka. Yang'anani zimene zimachitika ndalama za soya, za thonje ndi za fodya zikalowa m'matumba. Mnyamata agula motoka yotopa, ndipo ndalama yoyamba yokonzera ipita ku chiphiko cha kumbuyo, ku zomata zolembedwa STI kapena Turbo, ku paipi ya utsi yaikulu ngati chidebe, ku marimu onyezimira. Matayala ali fwaa ngati chikhatho. Mashokapu anafa kale. Mabuleki amagwira ukapopa kachitatu. Oyilo sanasinthidwe chichokereni kwa mwini wake woyamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bilionea wa ku Ulaya ndi mnyamata ameneyu akupemphera pa guwa limodzi: onse akhulupirira kuti chizindikiro chiposa makina. Kusiyana kwake n'kwakuti bilionea akataya ndalama sagona ndi njala, ndipo motoka yake yoimayo siingaphe munthu.

Yathuyi ingaphe. M'zaka zaposachedwa ngozi za pamsewu zakhala zikupha anthu oposa 2,000 pa chaka m'Zambia muno. Ndikanena kuti motoka ya liwiro iyenera kuyendetsedwa, wina asamve ngati ndamutuma kukayesa liwiro pa msewu wa ku Chipata usiku. McRae ndi Muna Singh anali kuthamanga atavala zipewa zolimba, atamangidwa malamba m'mapewa ndi m'chiuno, m'motoka yowotcheredwa zitsulo zoteteza m'kati, pambali pali munthu wowerenga kona iliyonse isanafike. Pa rally ya masiku ano msewu amautseka, oyang'anira amaima m'njira, ambulansi imadikira. Makilomita pafupifupi 180 a pakati pa Lundazi ndi Chipata alibe zimenezo. Ali ndi njinga zonyamula makala, njinga zamoto zokweza anthu atatu, ngolo zopanda nyali, ana obwera ku sukulu, amayi osenza mitolo. Wothamanga pamenepo asadzitche McRae. Ndi munthu woika miyoyo ya ana a eni pa njuga kuti anzake amutame pa bawa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nanga tikonde chiyani, ngati kachitsulo ka nambala n'kachabe ndipo liwiro la pamsewu ndi imfa? Tikonde chimene chinapangitsa motokayo kukhala yaikulu. Ma Impreza a mpikisano anali kumangidwa ndi kampani ya Prodrive m'tauni ya Banbury ku England, ndi anthu ovala maovolosi. Pakati pa mpikisano, motoka ikabwera yophwanyika, amakanika anali kutha kuchotsa giyabokosi yonse n'kuikamo ina m'mphindi zosakwana 20. Dalaivala ndiye anali kukwera pa nsanja kukalandira chikho, koma aliyense wodziwa rally adziwa kuti chikhocho chinapambanidwa ndi masipanala. Luso limenelo silingatsekeredwe m'galaja. Silitsika mtengo likagwiritsidwa ntchito, limakula. Ndipo silifuna mapaundi 480,500 kuti ukhale nalo.

Ngati mukufuna chinthu chosowa zedi, chosowa kuposa 22B, fufuzani m'boma lino anthu amene angatsegule turbo n'kukuuzani chimene yafera, amene angalumikize kompyuta ku injini ya dizilo yamakono n'kuwerenga vuto lake popanda kulotera. Ma turbo ali ponseponse kwathu, sali mu Subaru mokha. Ali m'ma Hilux ndi m'ma Ranger, ali m'mathirakitala, ali m'malole amene amanyamula nyemba za ku Lundazi kupita ku Soweto Market. Fumbi lathu likalowa kudzera mu fyuluta yong'ambika, limadya timipeni tija ngati mchenga pa mpeni. Oyilo wakuda amamaliza zotsala. Motoka yotere ikafa m'nyengo yokolola, mwini wake amataya masiku kudikira sipeya kapena katswiri wochokera ku Chipata kapena ku Lusaka. Ndalama zimene zimatuluka m'boma lino kutsata luso limeneli zikanatha kutsala m'matumba a achinyamata a kuno.

Njira zake zilipo, ngakhale si zosalala. Kuyambira 2022 thumba la CDF lili ndi gawo lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja, ndipo mafomu ake amadzera ku makomiti a m'mawadi. Masukulu ovomerezedwa ndi TEVETA, monga Chipata Trades, alipo. Amakanika akuluakulu a pano pa Boma, amene akhala akudzutsa mamotoka akufa kuyambira ife tisanabadwe, ambiri sakana mwana wofuna kugwira sipanala ngati ali waulemu ndi wosaba. Foni yomweyo imene timaonera mavidiyo a anthu akuvundukula mamotoka m'magalaja ili ndi mavidiyo ena ophunzitsa kumasula injini chidutswa ndi chidutswa, ndipo mabando ake ndi omwewo. Amene mtima wake uli pa mpikisano weniweni adziwe kuti Zambia Motor Sport Association ilipo, Zambia International Rally ilipo, ndipo rally imafuna oyang'anira njira, owerenga njira ndi amakanika, osati madalaivala okha. Atsikana, nkhaniyi ndi yanunso: mu 2022 Urshlla Gomes anatenga chikho cha Africa ali pa mpando wowerengera njira pambali pa mwamuna wake Leroy Gomes, onse a m'Zambia muno.

Wina anena kuti ndachoka pa maloto a motoka ya K10 miliyoni n'kukafika pa maovolosi a girisi, ndiye kuti ndatsitsa achinyamata. Ine ndikuona kuti ndawakweza. Maloto okhala ndi 22B ndi maloto a anthu 424 pa dziko lonse lapansi, ndipo mzere wake sunayambire ku Lundazi. Amakusiya uli woonerera moyo wako wonse, ukuwerenga chuma cha eni ndi kukangana ndi anzako za mtengo wa chinthu chimene nonse simudzachikhudza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Maloto omvetsa makina, kuwakonza, kuwayendetsa mwaluso pamalo oyenera, amenewo khomo lake lili pafupi, ndipo amadyetsa banja. Amenenso angadzamange motoka ya rally yochokera kum'mawa kuno, ngati idzakhalepo, adzachokera m'gulu limeneli, la anthu a zikhadabo zakuda.

Choncho vidiyo ina ikadzafika pa foni yanu, munthu atavala magolovesi oyera akuvundukula nsalu pang'onopang'ono, penti yabuluu ikuwala pansi pa magetsi, mawu akukuuzani kuti yayenda makilomita ochepa chabe chipangidwireni, musathamangire kuika tizithunzi ta moto. Funsani kuti inalira liti komaliza, inadutsa msewu uti, ndani anaphunzirapo kanthu. Mukapeza kuti yankho palibe, dziwani kuti mwaonetsedwa bokosi losungiramo ndalama lokhala ndi mawilo. Kenako tulukani panja, mupite pamene pali bonati yotsegula, mupereke moni kwa akuluakulu amene awerama pamenepo, muwapemphe kuti akuonetseni pamene mpweya umalowera.